Bokosi la sabu lokhala ndi poti: bowo lija si lopumira sipika

Anthu ambiri akafuna besi mu galimoto amayamba kufunsa kuti sipika ndi ya mawatsi angati, kenako ampu, bokosi amalisiya kumapeto penipeni. Amangopita kwa kalipentala kuti akulu tandikhomereni kabokosi koti kalowe mu buti, mubooleponso pena kuti mpweya uzitulukira. Apa ndi pomwe ndalama zimaonongekera, chifukwa bowo limenelo si zenera ayi. Kukula kwa bokosi mkati, kukula kwa bowo ndi kutalika kwa paipi yomwe ili kuseri kwa bowolo (bowo ndi paipi yakeyo ndi zomwe amati poti), zitatuzi ndi samu imodzi, mukasuntha chimodzi zinazo zasuntha nazo, ndipo sabu, sipika yaikulu ya besi ija, ya mtengo wabwino ikalowa mu bokosi longoganizira imalira mopanda ulemu kuposa yotchipa yomwe yapatsidwa bokosi loyenera.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika mkatimo. Tengani botolo la galasi lopanda kanthu muuzire pakamwa pake, limalira kuti huuu pa liwu limodzi lokha. Thiranimo madzi pang'ono liwu lija likwera, chifukwa malo a mpweya achepa. Mpweya wa mkati mwa botolo umakanikizika ndi kubwerera ngati sipuling'i, pomwe mpweya wa pakhosi pa botolo ndi kamulu kolemera komwe kakukankhidwa uku ndi uku, ndipo ziwirizi zikakumana zimakhala ndi liwiro lake lomwe zimakonda kugwedezekera. Amene anazilongosola bwino ndi Hermann von Helmholtz wa ku Germany m'zaka za m'ma 1800, nde bokosi la poti ndi botolo lomwelo basi, kungoti wouzira wake ndi sipika. Kugwedezekaku timakuyeza mu ma Hz, kutanthauza kangati pa sekondi imodzi, ndipo Hz yomwe bokosi lanu limakonda ndi yomwe amati tyuningi, pa mapepala amailemba Fb.

Chodabwitsa, chomwe ambiri savomereza mpaka ataona ndi maso, ndi chakuti nyimbo ikafika pa tyuningi penipeni koni ya sipika, mbale yakutsogolo yomwe imagwedezeka ija, imangotsala pang'ono kuima. Mpweya wa mu bokosi umaigwira mwamphamvu, ntchito yonse yotulutsa besi imagwiridwa ndi poti, mukaika dzanja pamenepo mphepo yake ndi yoti pepala liuluke koma sipika ili phee. Phindu lake ndi limenelo, mumapeza besi yochuluka, ma dB (muyezo wa kukwera kwa phokoso) atatu kapena kuposa poyerekeza ndi bokosi lotseka, pa mawatsi omwewo, sipika osavutika. Ma dB atatu akumveka ochepa koma kuti muwapeze ndi ampu mukuyenera kuwirikiza mawatsi kawiri.

Koma kulibe chaulele. Nyimbo ikatsika pansi pa tyuningi, mphepo ya pa poti imayamba kutsutsana ndi ya pa koni, zimafafanizana, besi imagwa mothamanga, ma dB 24 pa octave iliyonse, kutanthauza nthawi iliyonse ma Hz akatsika ndi theka, pomwe bokosi lotseka limagwa ndi 12 okha. Choopsa kwambiri mpweya umasiya kuigwira sipika, imakhala ngati ili pabwalo popanda bokosi, koni imangovina mpaka koyilo, waya wokulunga womwe umayendetsa koni, kumenya kumbuyo kuti phwaa phwaa, phokoso lenileni palibe. Masabu ambiri omwe anthu amati apsa chifukwa ampu inali yamphamvu anafera pamenepa. Tibwereraponso.

Nzeru ya bokosi la poti si ya lero, Albert Thuras wa ku Bell Labs ku America anatenga patenti yake mu 1932, koma kwa zaka zambiri anthu ankangoyesa, kudula paipi, kumvetsera, kudulanso. Mu 1961 injiniya wa ku Australia Neville Thiele analemba masamu ake, kenako Richard Small ku University of Sydney anawakuza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, nchifukwa chake manambala omwe amalembedwa pa kapepala ka mu katoni ya sabu amatchedwa Thiele/Small. Kapepala kameneka musataye chonde. Mumapeza Fs, yomwe ndi Hz yomwe sipika imagwedezekera yokha isanalowe mu bokosi, Vas yomwe imayezedwa mu malita ndipo imakuuzani kufewa kwa zogwirizira koni, Qts yomwe imakuuzani kuti maginito ndi koyilo zikuigwira koni mwamphamvu bwanji, ndi Xmax yomwe ndi mamilimita omwe koni ingayende mbali imodzi isanayambe kulira molakwika. Sipika ya Qts ya 0.4 kutsika pansi nthawi zambiri imakondwa mu bokosi la poti, ikakwera kupitirira 0.5 ndi kumtunda imafuna lotseka kapena la poti lalikulu zedi lomwe mu buti ya Vitz silingalowe. Ena amagawa Fs ndi nambala ina yotchedwa Qes, yankho likayandikira 100 ndi ya poti, likakhala cha mu 50 ndi yotseka. Mukalowetsa manambalawa mu WinISD, pulogalamu yaulele ya pa kompyuta, imakujambulirani mzere wa mmene besi idzamvekere musanagule ndi bolodi lomwe. Ngati sabu munagula ya kaunjika yopanda pepala sakani dzina lake pa intaneti, makampani ngati Pioneer, Kenwood, Rockford Fosgate ndi JL Audio amaika mamanyuwalo awo ndipo ambiri amalembamo malita a bokosi omwe iwo akulangiza.

Ndiye mutyune pa Hz zingati? Izi zimatengera zomwe mumamvera. Chingwe chotsika kwambiri cha gitala ya besi ya zingwe 4 chimalira pa 41 Hz, ya zingwe 5 imatsika mpaka 31 Hz, ng'oma yaikulu yopondedwa ndi phazi imagunda cha mu 50 mpaka 60, pomwe besi ya pa kompyuta ya mu hip hop ndi amapiano imatha kutsetsereka mpaka mu ma 30. Mukatyuna pa 45 kapena 50 bokosi limakuwa kwambiri, minibasi ikamadutsa mumaimva ili kutali, koma ndi liwu limodzi lokhalokha, dum dum dum, kaya ndi rege kaya ndi kwaya besi yake yofanana. A mipikisano ya phokoso amatyuna m'mwamba dala chifukwa akufuna nambala pa mita osati nyimbo. Kwa munthu woyendera galimoto tsiku ndi tsiku ine ndimati pakati pa 32 ndi 36 Hz, mumataya kaphokoso pang'ono koma manotsi amasiyana bwinobwino ndipo sipika imatetezeka pa nyimbo zambiri.

Palinso mphatso yomwe galimoto imakupatsani. Funde la 40 Hz ndi lotalika mamita 8 ndi theka, galimoto yanu siifika pamenepo, nde mkati mwa galimoto yotseka magalasi besi yotsika siyenda ngati funde koma imangofinya mpweya wonse nthawi imodzi, ndipo kuyambira penapake pakati pa 50 ndi 80 Hz kutsika pansi besi imakwera yokha, kufika ma dB 12 pa octave mu galimoto yotsekeka bwino. Nchifukwa chake bokosi lomwe pa WinISD likuoneka mzere wowongoka bwino limakhala ndi chitunda mukaliika mu galimoto, ndipo bokosi lomwelo mukalitulutsa panja pa ukwati limamveka lopepuka. Musamaweruze bokosi lili pa benchi ya kalipentala.

Tsopano samu ya paipi. Kutalika kwa poti mu masentimita mumakupeza chonchi, 23562.5 kuchulukitsa ndi dayamita ya mkati mwa paipi kawiri, yankho mugawe ndi malita a bokosi ochulukitsidwa ndi Hz kawiri, pamapeto muchotsepo 0.732 kuchulukitsa dayamita ija. Zikumveka zambiri koma ndi za kakyuleta ya pa foni. Titenge sabu ya mainchi 12, bokosi la malita 50, tyuningi 35 Hz, paipi ya mkati masentimita 10. Pamwamba 23562.5 x 10 x 10 ndi 2356250, pansi 50 x 35 x 35 ndi 61250, kugawa tikupeza 38.5, kuchotsa 7.3, paipi ikhale masentimita 31. Chochotsedwacho ndi chifukwa mpweya wa kunja pang'ono kwa milomo ya paipi umagwedezeka nawo, paipi imakhala ngati ndi yaitali kuposa mmene tepi ikunenera. Paipi ya PVC ya 110mm ya mu hadiweya ija ya zimbudzi imagwira ntchito bwino zedi, ingoyezani mkati mwake osati kunja chifukwa mkati mumapitirira 10 pang'ono ndipo nambala isintha.

Taonani zomwe zimachitika kalipentala akangoganizira. Paipi yomweyo akaidula masentimita 10 poti 31 yatalikitsa, tyuningi yakwera kufika 52 Hz. Akangoboola bowo la masentimita 10 pa bolodi opanda paipi, muli chapafupi ndi 70 Hz, kutanthauza kuti pafupifupi besi yonse ya nyimbo zanu ili pansi pa tyuningi, malo oopsa aja. Kuli bwino bokosi lotseka kusiyana ndi limenelo, ndikunenetsa.

Malita 50 aja ndi a mpweya wokhawokha, apa ndi pomwe ngakhale odziwa samu amapunthwa. Sipika yokha, maginito ndi chitsulo chake, imadya malita ngati 3, paipi ija imadya ena 3, timatabwa tolimbitsa mkati lita imodzi. Mukakhoma bokosi la 50 kenako nkulowetsamo zonsezi mwatsala ndi 43 ndipo tyuningi yakwera kufika cha mu 38. Nde mkati mukhale malita 57, mwachitsanzo masentimita 60 x 33 x 29, ndipo ngati bolodi ndi la 18mm kunja kwake muonjezere 3.6 mbali iliyonse, 63.6 x 36.6 x 32.6. Yezani khomo la buti musanadule, mabokosi ambiri abwino amakanika kulowa pakhomo pomwe mkati malo alimo. Mwaonanso vuto lina, paipi ya 31 siingalowe mu kuya kwa 29, ndipo kumapeto kwake mkati kumafunika mpata wosachepera dayamita yake, masentimita 10, kuchokera pa khoma, apo ayi khoma limasanduka mbali ya paipi tyuningi nkutsika komanso mpweya nkutsamwa. Muilowetse chammbali motsata 60 uja kapena muike eliboo, ndipo mukaika eliboo kutalika muyeze motsata pakati pa paipi osati kunja kwa khona.

Wina anena kuti bwanji osangoika paipi yaing'ono, ndipo samu ikuvomereza, ya 7.5 imangofuna masentimita 16 pa tyuningi yomweyo. Vuto ndi liwiro la mphepo. Mpweya womwewo ukamadutsa pa kabowo kakang'ono umathamanga, ukapitirira mamita 17 pa sekondi mumayamba kumva fuu fuu fuu pa besi iliyonse, ndipo mukakweza voliyumu poti imakanika kutulutsa zambiri, bokosi limayamba kuchita ngati lotseka lomwe likudontha. Anyamata a zoimbira za mu galimoto ku America ali ndi lamulo lapakamwa loti ma square inch 12 mpaka 16 a poti pa cubic foot iliyonse, cubic foot imodzi ndi malita 28.3, nde pa malita 50 athu zikubwera pakati pa 137 ndi 182 square sentimita. Paipi yathu ya 10 ili ndi 78.5 okha. Pa mawatsi 250 kapena 300 ipirira makamaka mukazungulitsa milomo yake ndi sandipepa kapena kuitenthetsa pang'ono nkuifutukula ngati belu, koma sabu ya Xmax yaikulu pa mawatsi 600 kupita kumtunda imafuna poti yaikulu. Apa ndi pomwe poti ya matabwa imabwera, yamakona anayi ija yoyenda motsata khoma nkukhota ngati L. Ya 150 square sentimita, titi 5 x 30, pa samu yomwe ija imafuna kutalika kopitirira masentimita 60 pang'ono, ndipo yokha ndi matabwa ake imadya malita oposa 10, bokosi lakula basi. Poti yotsata makoma imatyuna motsikirapo kuposa mmene samu yanenera choncho yeniyeni imafupikirako. Musaipange yopyapyala kwambiri ngati 2 x 75 ngakhale malo ake ali ofanana, mpweya umakhulana ndi makoma. Nkhani yonse ya mabokosi a poti ndi kukokana kumeneku, bokosi laling'ono, tyuningi yotsika, poti yaikulu, mungasankhe ziwiri koma zitatu zonse sizitheka, paipi imatalika mpaka kusowa poipinda.

Za matabwa sindichedwapo. MDF ya 18mm ndi yomwe ambiri amagwiritsa, yolemera, siilira yokha, koma imadana ndi madzi, ngati buti yanu imalowa mvula imafufuma nkuyamba kunyenyeka, ipakeni penti kapena vanishi, kapena gulani pulayiwudi yabwino. Chipibodi chopyapyala cha makabati chisiyeni, masikuluu amazuka. Chogwira bokosi ndi guluu wa matabwa, masikuluu ntchito yake ndi kufinya pomwe guluu akuuma, ndipo muboole kaye timabowo musanamange sikuluu chifukwa MDF imang'ambika m'mphepete. Kutsogolo komwe kukhale sipika ikani mabolodi awiri ngati sabu ndi yolemera. Khoma lalitali lija la 60 likufuna kathabwa kolumikiza kutsogolo ndi kumbuyo, khoma likamagwedezeka likudya besi yanu. Makona onse amkati mateni ndi silikoni koma dikirani tsiku lathunthu aume musanaike sipika, nthunzi ya silikoni wonunkha ngati viniga uja si yabwino ku guluu ndi zofewa za sipika. Bowo lokhalo lololedwa ndi poti, pomwe padutsa waya pamatidwe.

Mwakhoma, tsopano yesani ngati samu yakwana. Ikani apu ya tone generator pa foni, yomwe imaliza liwu limodzi pa Hz yomwe mwasankha, lumikizani ku wailesi, voliyumu yapansi, bokosi muligoneke chagada sipika iyang'ane kumwamba, ikani timbewu ta mpunga pang'ono pa koni. Yambani pa 60 Hz muzitsika imodzi imodzi. Mpunga uzidumpha, kenako ufika pena uchita ngati wagona pomwe poti ikuuzira mwamphamvu, mukapitirira kutsika uyambanso kudumpha moposa poyamba. Pomwe unagona paja ndi tyuningi yanu yeniyeni. Yatsika kwambiri, fupikitsani paipi, sentimita imodzi kapena ziwiri nthawi imodzi. Yakwera, paipi italike. Nchifukwa chake ndi nzeru kudula paipi yotalikirapo ndi kusaimata kaye mpaka mutayesa, kudula nkosavuta kusiyana ndi kulumikiza. Omwe ali ndi zida ngati DATS ya Dayton Audio amaona pa kompyuta mapiri awiri a ma ohm, chigwa cha pakati pake ndi tyuningi, koma mpunga umakufikitsani pafupi mokwanira.

Tibwerere ku malo oopsa aja. Pa ampu yabwino ya sabu pali kanobu kolembedwa subsonic, ambiri amakasiya pa zilo poganiza kuti kakuba besi. Kameneka ndi kamene kamadula ma Hz a pansi pa tyuningi asanafike ku sipika. Bokosi la 35 Hz kaikeni cha mu 28, simutaya chilichonse chomveka chifukwa kumeneko bokosi silimatulutsa kale kanthu, mumangopulumutsa koyilo ndi mawatsi. Ngati ampu yanu ilibe subsonic ganizani kawiri za bokosi la poti. Kanobu ka low pass kaikeni pa 80 Hz kuti mawu a woimba asamachokere mu buti, bass boost isiyeni pa zilo, imakweza cha mu 45 Hz pomwe bokosi ndi galimoto zakweza kale, ndipo boost ya ma dB 6 ikupempha mawatsi kuwirikiza kanayi omwe ampu ilibe.

Kanobu ka gain pa ampu si voliyumu, ntchito yake ndi kufananiza mphamvu yochokera ku wailesi ndi ampu. Pa katoni pakhoza kulembedwa 1400W ndi zilembo zikuluzikulu koma yang'anani RMS, mawatsi omwe imakwanitsa mosalekeza, mwina ndi 400, imeneyo ndi yoona. Sabu ya makoyilo awiri a 4 ohm mukailumikiza pulasi ku pulasi, mainasi ku mainasi imakhala 2 ohm, mukailumikiza motsatizana 8 ohm, onani kaye ngati ampu imalola 2 ohm. Chulukitsani mawatsi ndi ma ohm mupeze square root yake, 400 x 2 ndi 800, yankho 28.3. Chotsani waya wa sipika, sewerani 50 Hz wailesi ili cha pa magawo atatu a anayi a voliyumu, subsonic ndi boost zili pansi, mita yoyezera mavolti ikhale pa AC pa zotulukira za ampu, kwezani gain mpaka iwerenge mavolti 28 muime pomwepo. Izi zimagwira ngati ampuyo imatulutsadi 400, ngati ndi yofooka iyamba kuphwanya mawu isanafike pamenepo ndipo mawu ophwanyika otere amatenthetsa koyilo msanga. Mawatsi 400 amakoka ma amp opitirira 35 besi ikagunda, alitaneta za timagalimoto ting'onoting'ono zambiri zili pakati pa 70 ndi 100 ndipo galimoto ikudya kale gawo lake, nde waya akhale wonenepa wa kopa weniweni, 4 geji, fyuzi ikhale pafupi ndi batire osapitirira masentimita 45, ethi, waya wa mainasi wa ampu, ikhale yaifupi pa chitsulo chopalidwa penti. Magetsi akutsogolo akamaphethira motsata besi vuto lili kumeneko osati ku bokosi.

Chomaliza ndi kaikidwe mu buti. Mu galimoto za hatchback ngati Vitz kapena Passo yambani ndi sipika ndi poti zitayang'ana kumbuyo ku chitseko, mpata wa masentimita 10 kapena kuposa, nthawi zambiri besi kwa dalaivala imachuluka chonchi kusiyana ndi kuyang'anitsa ku mipando. Mu saluni buti ndi yotsekeka, mpando wakumbuyo umatchinga, tsegulani kabowo ka pa chotsamira mkono ngati kalipo. Khalani pa mpando wa dalaivala wina azisintha switchi ya phase ya pa ampu pakati pa 0 ndi 180 pa nyimbo yomwe mumaidziwa, siyani pomwe besi ikumveka yodzadza komanso ngati ikuchokera kutsogolo. Limangeni bokosi ndi mabulaketi kapena lamba, ndi makilo oposa 20 omwe pa buleki yadzidzidzi amauluka. Nambala puleti ndi chitseko cha buti zikayamba kunjenjemera matani tizidutswa ta mphira kuseri kwake. Ndipo tsiku lonyamula katundu thumba la chimanga lisatsamire pa poti, likatseka theka la bowo tyuningi yasintha ndipo fuu fuu uja ayamba, kuli bwino kutsitsa sabu pa wailesi mpaka mutatsitsa katunduyo.